Njinga Imodzi, Odwala Awiri

Mtembo unapezeka Lachitatu, nthawi ya 6:40 m'mawa, m'chipinda nambala 14 cha hotela yoyang'anizana ndi bwalo la ndege. Anaupeza ndi mayi wokonza m'zipinda. Anakuwa kamodzi, n'kuponya zofunda zomwe ananyamula, kenako anakakhala pansi pakhonde.

Pofika 7:25, wapolisi wofufuza milandu yakupha anali ataima pakhomo, manja ali m'matumba. Anali mayi wamfupi wa zaka 54, wosaseka ndi munthu. Kupolisi konse ankamutchula kuti Nkhupakupa, chifukwa akakukakamira sankakusiya mpaka atakhuta. Dzinalo ankalidziwa, ndipo kunena zoona ankalikonda. Kumbuyo kwake kunali Sajeni, bambo wa mimba yake, amene pakamwa pake sipankatseka ngakhale pamaliro.

Womwalirayo anali bambo wa zaka za m'ma 60. Anagona chafufumimba pafupi ndi njinga ya olumala, nkhongo itaphwanyika. Chitsulo chopondapo mapazi cha njingayo chinali pansi, chili magazi okhaokha. Pabedi panali sutikesi yotsegula. Patebulo panali ketulo ndi makapu awiri, masamba a tiyi ali m'kati koma madzi asanathiridwe.

Dokotala wa apolisi anadzuka pomwe anagwada, n'kuvula magolovesi.

"Wafa dzulo, pakati pa 1 koloko ndi 3 koloko masana. Wamenyedwa katatu atawerama. Koyambako kunali kokwanira. Kuwiriku unali mkwiyo chabe."

"Abale inu, anthu mtima alibe," anatero Sajeni akupukusa mutu. "Kupha munthu wolumala, woti n'kuthawa komwe sangathe!"

Nkhupakupa ananyonyomala n'kukweza phazi la mtembowo.

"Sajeni, nsapato zanu zinatha zidendene chifukwa chiyani?"

"Kuyenda, bwana. Pajatu galimoto ya kuofesi mumayendera ndinu."

"Nanga izi zathera pa njinga?"

Zidendene za nsapatozo zinali zitadyeka mbali imodzi. Dokotala anapinda thalauza la mtembowo, n'kufinya katumba.

"Miyendo iyi ndi yamphamvu kuposa yanga," anatero. "Uyu amayenda bwinobwino."

M'kachikwama ka m'thumba munali khadi ya bungwe lina lomwe chaka chilichonse limatulutsa mndandanda wa makampani a ndege, kuyambira yabwino mpaka yoipitsitsa, n'kumagawa nyenyezi. Sajeni ataiona khadiyo, nkhope inawala ngati wapeza m'bale.

"Bwana, uyutu ndi kazitape! Anthu amenewa amakwera ndege ngati anthu wamba, n'kumaona mmene akulandiridwira, kenako n'kukalemba. Uyu ndiye ankadzipanga wolumala kuti aone kasamalidwe ka odwala. Ndipo mndandanda watsopano ukutuluka Lachisanu lomweli."

"Nyenyezizo zimapindulira ndani?"

Funso limeneli Nkhupakupa ananong'oneza nalo bondo, chifukwa Sajeni anayamba kuwerenga ndi zala. Makampaniwo anthu ankawatchula ndi mtundu wa mchira wa ndege zawo. Yachikasu ndiyo inali nambala wani zaka zitatu zotsatizana: mipando yotakasuka, chakudya chotentha, ndipo pa kusamalira okalamba ndi odwala panalibe yoigwira. Yobiriwira inali yachiwiri. Nthawi inkasunga, koma zikwama inkataya. Yakuda ndiye musayerekeze, mpando wake maondo amagunda chibwano. Munthu aliyense wanzeru, anatero Sajeni, asanagule tikiti amayamba waona mndandandawo, ndipo nyenyezi imodzi ikangothothoka okwera amathawa.

"Mwa zonsezi, munakwerapo iti, Sajeni?"

"Sindinakwerepo, bwana. Koma ndimatsata."

Kamera ya pakhonde la zipinda inali itafa chaka chatha. Yamoyo inali ya pageti yokha. Lachiwirilo pahotelapo panali msonkhano wa ogulitsa mankhwala, ndiye anthu ankangolowa ndi kutuluka ngati pamsika. Koma munthu mmodzi ankaonekera patali chifukwa cha yunifolomu yachikasu. Analowa 1:35, n'kutuluka 1:52. Mlonda anamuzindikira msanga. Anali bambo wokankha njinga za odwala pabwalo la ndege, wantchito wa Yachikasu, amene aliyense ankangomuitana kuti Kankha. Zidindo za zala zake zinapezeka pa njinga ndi pa chitsulo chija. Pofika 11:15 anali m'chitokosi.

Mkulu wa polisi anaitanitsa Nkhupakupa mu ofesi mwake, osamupatsa mpando.

"Nkhani yatha iyi. Wakufayo ndi mlendo, ndipo foni yanga sinapume kuyambira m'mawa. Lachisanu 9 koloko wokankha njingayo akaonekere kukhoti."

"Zala zake zili pa njinga chifukwa ndiyo ntchito yake, bwana."

"Lachisanu 9 koloko. Mukapeza wina nthawiyo isanakwane, mubwere naye. Apo ayi, ameneyu akwanira."

Nkhupakupa ankadziwa tanthauzo lake. Mlandu wakupha ulibe belo. Munthu wosauka akalowa nawo kundende amadikira woweruza mpaka imvi, ndipo ena amatuluka m'bokosi mlandu usanayambe n'komwe. Panja pa polisi panali pataima mkazi wa Kankha, atafumbata juzi la mwamuna wake, ndipo panalibe womuyankhula.

Chipinda chofunsiramo mafunso chinali ndi tebulo lachitsulo, mipando itatu ndi zenera lomwe silinkatseguka. Kankha anamulowetsa 2:10 masana. Anali wa zaka 49, wowonda, m'manja mwake mutauma gwa ndi zaka 17 zokankha anthu.

"Munapita kukatani kuchipinda 14?" anafunsa Nkhupakupa.

"Kukawaona abwana aja."

"Ndi amalume anu?"

"Ayi."

"Ankakupatsani chiyani?"

"Palibe."

"Zala zanu zafika bwanji pa chitsulo chija?"

"Ndinachichotsa ndine Lolemba, powakweza m'takisi. Chimachoka."

"Mmene munkatuluka dzulo anali moyo?"

"Anali moyo. Ankatsuka makapu."

"Makapu awiri. Ankadikira ndani?"

Kankha anayang'ana tebulo. Sajeni anatsokomola, anasuntha mpando, anagogoda ndi cholembera, koma munthuyo anangoti duu.

"Bambo, ndimvereni," anatero Nkhupakupa. "Ine sindine m'busa, chisoni ndilibe. Mukapitiriza kutseka pakamwa, mkuja mukulowa kundende, ndipo mkazi wanu ali panjayo juzi lija akaligulitsa kuti ana adye. Ankadikira ndani?"

Misozi inatsika, koma mawu anatuluka ouma.

"Lembani kuti ndine, bwana. Mlandu ndili nawo. Si uwu ayi, koma ndili nawo."

"Uti?"

Sanayankhenso, ngakhale anamupanikiza mpaka 4 koloko. Nkhupakupa anatuluka atapsa mtima. Pa zaka 30 anali ataona opha anzawo a mitundu yonse: olira, otukwana, olumbira pa manda a amayi awo. Koma munthu wopempha yekha kuti amuveke mlandu wa mwini ankamunyansa kuposa onsewo, chifukwa amaphunzitsa apolisi ulesi.

Lachinayi 8:30 m'mawa anali mu ofesi ya manijala wa Yobiriwira. Chifukwa chinalipo. Kuhotela kuja kunapezeka dengu la zipatso lomwe kampaniyo inatumizira wakufayo tsiku lomwe anafika. Sajeni anali atagamula kale mlandu m'galimoto: a Yobiriwira anayesa kumugula, iye n'kukana, iwo n'kumupha.

Manijalayo atamva zimenezi anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiphe munthu wondipatsa nyenyezi? Amayi, akazitapewa tonse timawadziwa. Amati amayenda mobisa, koma tikiti ikangogulidwa timatsinana khutu: wa njinga uja akubwera, mpando wakuti. Tsiku limenelo ndege imanunkhira, aliyense amamwetulira mpaka masaya kuwawa. Mawa lake timabwerera mwakale."

"Lachiwiri masana munali kuti?"

"Pamsonkhano, pamaso pa anthu makumi awiri. Mayina ndikupatsani." Anawerama n'kutsitsa mawu. "Koma ngati mukufuna nkhani, kafunseni anzathu a Yachikasu zomwe zinachitika pa 9 mwezi watha. Ife timataya zikwama, inde. Anthu sititaya."

Sajeni anaimbira anthu asanu mwa makumi awiriwo, ndipo onse anatsimikiza. Njira imeneyo inathera pomwepo.

Nthawi ya 10:15 analowa mu ofesi ya Yachikasu. Makoma onse anali nyenyezi zokhazokha, zisanuzisanu. Kumbuyo kwa tebulo kunali chithunzi chachikulu cha gogo wina akumwetulira, namwali wa yunifolomu akumufunditsa bulangete. Manijala anali bambo wa mawu ofewa, wonunkhira kuyambira pakhomo.

"Pa 9? Eya, zinali zachisoni kwambiri. Mayi wina wokalamba, wodwala mtima kale, anatisiya atangotsika ndege. Tinatumiza maluwa."

"Anafera pati?"

"M'kati mwa bwalo."

"Ndati pati."

"M'kakhonde kagalasi kochokera ku ndege."

"Kazitape amene waphedwayu anali m'ndege yomweyo?"

Manijala anakonza tayi yomwe inali yowongoka kale.

"Ife sitidziwa kuti kazitape ndi uti. Kwa ife wokwera aliyense ndi bwana."

"Wantchito wanu ali m'chitokosi. Mwamupezera loya?"

"Si wantchito wathu ameneyo. Tinamuchotsa dzulo 12 koloko. Mukumvetsa, sabata ino ndi yovuta."

Nkhupakupa anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka kumwetulira kwa manijalayo kunatha kokha.

"Ndipatseni fayilo ya madandaulo."

"Imeneyo ndi yachinsinsi, amayi."

"Chabwino. Ndibweranso masana ndi galimoto ya polisi yolira sayirini, ndipo atolankhani amaikonda kuitsata. Mndandanda mwati ukutuluka mawa eti?"

Fayilo inabwera pasanathe mphindi ziwiri. Madandaulo ambiri anali a masiku onse: tiyi wozizira, chikwama chong'ambika, wina anakhala pafupi ndi munthu woliza mkonono. Koma panali kalata imodzi ya masamba anayi, yolembedwa pamanja ndi cholembera chofiira. Inachokera kwa mwana wamkazi wa mayi womwalira uja, mphunzitsi wa masamu pasukulu ina ya sekondale. Deti anaidulira mizere iwiri kunsi. Kumapeto anamatako pepala lomwe anajambulapo mizere ndi lula: makampani asanu ndi imodzi, iliyonse ndi malikisi ake pa khumi, ndipo Yachikasu anaizunguliza. Mawu omaliza anali akuti, "Ndinakusankhani chifukwa cha nyenyezi zanu. Ndiuzeni amene anawasiya amayi anga, ndipo mundiuze chifukwa chake."

"Munamuyankha?"

"Tinayankha msanga ndithu," anatero manijala. Yankholo linali kumbuyo kwa kalatayo: mizere itatu yopepesa, ndi kakhadi kochotsera mtengo pa ulendo wotsatira.

Pofika 12:20 anali atabwereranso kuhotela. Nkhupakupa sanapite kuchipinda kaye. Anaima pageti n'kuitanitsa buku la alendo, lomwe Lachitatu palibe analilabadira poti kamera inali itawapatsa kale munthu. Tsamba la Lachiwiri linali lodzaza ndi inki yabuluu ya cholembera cha mlonda, chomangidwa ndi chingwe. Mzere umodzi wokha unali wofiira. Nthawi yake inali 2:05, ndipo kunsi kwa nthawiyo kunali mizere iwiri.

"Uyu analemba ndi chake chifukwa chiyani?"

"Changa chinali ndi munthu wina, bwana," anayankha mlonda. "Mayiwo anali pachangu, ndiye anatulutsa chawo m'chikwama. Anati akupita kumsonkhano."

Pa mndandanda wa anthu a msonkhano dzinalo panalibe.

M'chipinda 14 magazi anali atauma. Nkhupakupa anaima pomwe panagona mtembo.

"Sajeni, tiyerekeze muli ndi mlendo, makapu mwatulutsa. Mukumupatsa msana n'kuwerama pa njinga. Mukufuna chiyani?"

"Mwina chinagwa china chake."

"Kapena munabisa china chake."

Ananyamula khushoni ya njingayo, n'kutsegula zipi. M'kati munali kabuku kakuda. Anatsegula pa tsamba la pa 9 n'kuwerenga mokweza: "Njinga yabwera imodzi, ina akuti yathyoka. Ofuna njinga tili awiri, ine ndi mayi wokalamba wa pa mpando 22. Atenga ine."

Masamba otsatira anawerenga chamumtima. Atamaliza anakalowetsa kabukuko m'thumba la jekete, ndipo Sajeni atafunsa zomwe zinalembedwamo anangomuuza kuti akalize galimoto.

Kankha anamutulutsanso m'chitokosi 2:30. Ulendo uno Nkhupakupa sanafunse funso.

"Aphunzitsi a masamu," anatero.

Kankha anabisa nkhope m'manja. Kenako zonse zinatuluka.

"Tsiku lija ndinawatsitsa mayi aja ndi manja angawa, n'kuwakhazika pa benchi m'kakhonde. Ndinati, mayi, ndikubweranso pompano. Koma manijala anali atandiuza kuti kazitape ndisamusiye mpaka alowe m'takisi. Tinamupititsa kuchipinda cha olemera, khofi, zikwama, kumuperekeza, zonse. Mmene ndinkamaliza, ndege ina inali itatera. Anthu a pachitseko cha kakhonde kaja anatseka poganiza kuti onse atuluka. Ndinaiwala, bwana. Ndinakumbuka nditafika kunyumba, ndikuvula nsapato."

"Nanga Lachiwiri?"

"Abwana aja atabweranso Lolemba anandipempha kuti ndiwapezere abale a malemuwo. Aphunzitsi ndinkawadziwa, amabwera pabwalo Loweruka lililonse kudzafunsa amene anawasiya amayi awo. Ine ndimabisala kuchimbudzi. Ulendo uno ndinalimba mtima, ndinawapeza kusukulu, n'kuulula kuti ndine. Ndinawauzanso chipinda ndi nthawi. Ndiye ndinapita kukawauza abwana aja kuti mlendo akubwera." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Ndawaphera mayi, bwana. Ndiwaperekenso kundende ndi pakamwa pangapa?"

"Inu ndinu chitsiru," anatero Nkhupakupa, "koma uchitsiru si mlandu wakupha. Bwererani mukadikire."

Mphunzitsi uja anamupeza 4:05 mu ofesi ya aphunzitsi, akuchonga mayeso. Ataona apolisiwo anapempha kuti amalize pepala lomwe linali m'manja. Analimaliza, analemba malikisi, anawadulira mizere iwiri, n'kunyamuka yekha.

Nthawi ya 4:50 anali atakhala pa mpando womwe unali wa Kankha. Anali mayi wa zaka 41, wa magalasi, choko chili pamkono wa bulauzi. Nkhupakupa anaika kalata ya dandaulo ndi buku la mlonda pambali ndi pambali.

"Aphunzitsi, inu ndi a masamu. Ndiuzeni ngati izi sizikufanana."

Mphunzitsiyo anaziyang'ana bwinobwino, ngati ntchito ya mwana wa sukulu.

"Zikufanana," anatero. "Ndinathawa makalasi awiri, ndiye ndinalemba dzina lina kuti ahedi asamve. Za cholembera sindinaganize. Ndi chomwe chimakhala m'chikwama."

"Yambani poyamba."

"Amayi anga anapita kunja kukachitidwa opaleshoni ya mtima. Mchimwene wanga amakhala kumeneko. Pobwerera anali okha, ndiye ndinati amayi anga sindiwakweza ndege ya chisawawa. Ndinakhala masabata awiri ndikufananiza. Mndandanda wa zaka zisanu ndinawerenga, ndemanga za okwera ndinawerenga, ndinalemba malikisi. Mchimwene wanga ankati Yobiriwira ndi yotchipa ndipo sichedwa. Ine ndinati ayi, amayi akwera nambala wani. Tinakangana, ndipo ndinapambana ndine."

Anavula magalasi, n'kuwaika patebulo.

"Tsikulo ndinaima pofikira alendo. Ndinaona bambo ali pa njinga, wina akukankha, manijala atamunyamulira chikwama, mtsikana wa yunifolomu atamugwirira botolo la madzi. Ndinawapatukira njira. Mumtima ndinasangalala, bwana. Ndinati taonani mmene amasamalira odwala, ndasankha bwino. Ndinaimbira mchimwene wanga kumunyoza kuti Yobiriwira yake ija singachite zimenezi. Nthawi imeneyo amayi anali kuseri kwa galasi, dzuwa likuwaotcha, chitseko chili chotseka. Ndinafunsa kanayi pa tebulo la kampani, ndipo kanayi konse anandiuza kuti akubwera. Anawapeza anthu okolopa."

"Lachiwiri munapita kuhotela kukamupha?"

"Ayi. Wokankha njinga anandiuza kuti bambo amene anatenga njinga tsiku lija akufuna kundiona. Ndinalibe naye chifukwa. Ndinkati nayenso ndi wodwala, sanasankhe yekha, mwina akufuna kupepesa. Ndinagogoda. Anatsegula ataimirira." Mawu anakwera. "Ataimirira, bwana, ndi miyendo yake iwiri, ketulo ili m'manja! Anati, musadabwe mayi, sindine wolumala, ndi ntchito chabe. Ntchito chabe! Kenako anati dikirani ndikuonetseni kanthu, n'kutembenuka kuwerama pa njinga. Chitsulo chinali pabedi."

"Katatu."

"Sindinawerenge."

"Mukudandaula?"

"Ayi. Munthu wa miyendo yabwinobwino anakhala pa njinga ya amayi anga n'kumamwa khofi. Ndikanamusiya kuti akalembenso nyenyezi zina, wina akasankhenso ngati ine?"

"Nanga bambo amene wagona m'chitokosi m'malo mwanu?"

Mphunzitsiyo anayang'ana pansi.

"Ameneyo wandisowetsa tulo. Koma ndikati ndibwere kuno, ndinkakumbuka kuti ndi iye anawakhazika pa benchi."

Sajeni anali atalemba zonse. Mlandu unali utatha, ndipo wapolisi wina akanatseka fayilo n'kumusiya munthuyo ndi chitonthozo chake chochepacho. Koma Nkhupakupa sanali wotero. Ankakhulupirira kuti munthu akapha mnzake ayenera kudziwa bwinobwino amene wamupha. Anatulutsa kabuku kakuda kaja.

"Kanthu kamene ankafuna kukuonetsani ndi aka. Mvetserani."

Anawerenga pang'onopang'ono, osadumpha liwu.

"Ndamva kuti mayi wa pa mpando 22 anafera m'kakhonde atadikira maola atatu ndi mphindi khumi. Njinga ija inali yake. Ndinaona akumukhazika pa benchi, ndipo ndinakhala chete kuti ndisadziulule, chonsecho onse ankandidziwa kale. Ndikanangoimirira, akanakhala moyo. Pa kasamalidwe ka odwala ndikupereka ziro pa khumi, ndipo ndikupempha kuti kampaniyi ichotsedwe pa mndandanda. Bungwe lati lipoti lotere silingalandiridwe popanda wachibale kusaina. Ndikumana ndi mwana wake Lachiwiri. Ndikatumiza lipotili Lachitatu ndisiya ntchito imeneyi, ndipo ndili wokonzeka kukachitira umboni kukhoti."

Anatembenuza kabukuko n'kukakankhira kwa mphunzitsiyo. Kunsi kwa tsambalo kunali mzere wowongoka, wopanda kanthu, ndipo pambali pake panalembedwa kuti, "Wachibale asaine apa."

Mphunzitsiyo anavalanso magalasi. Anawerenga yekha kuyambira pamwamba.

"Ndipatseni cholembera," anatero. "Ndisaina pompano. Litumizeni."

"Bungwelo ndaliimbira 3 koloko. Tsiku lotseka linali dzulo, ndipo lipoti lomwe mwini wake sanatumize saliwerengera. Agwiritsa ntchito malikisi a ulendo wake woyamba wa chaka chino. Ali pa tsamba lachiwiri. Khumi pa khumi."

"Ndiye mawa Yachikasu..."

"Inu ndi a masamu, werengerani nokha. Munthu mmodzi yekha ndi amene manijala wa Yachikasu uja ankamuopa padziko lino, ndipo mwamuchotsera ndinu, mwaulere."

Mphunzitsiyo anatsegula pakamwa koma sipanatuluke kulira. Panatuluka kamawu kakang'ono, ngati ka munthu wopondedwa pamimba.

Nthawi ya 6:15 madzulo, mkulu wa polisi anasaina pepala lotulutsa Kankha, osakweza n'komwe mutu. Pa kauntala anamubwezera lamba, zingwe za nsapato ndi baji ya kampani yomwe inali itamuchotsa kale ntchito. Mkazi wake anali akadali panja ndi juzi lija.

Khonde la kuzitokosi ndi lopapatiza, anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Kankha akutuluka, wapolisi wamkazi ankabwera ndi mphunzitsi uja. Anakumana pakati. Kankha anagwada pa simenti.

"Aphunzitsi, ndikhululukireni."

Mphunzitsiyo anaima. Nkhupakupa anakweza dzanja kuti wapolisi wamkaziyo asamukoke.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi, bambo. Musanachoke, amayi ananena kanthu?"

"Anapempha madzi."

"Munawapatsa?"

"Botolo linali limodzi. Manijala anati ndi la abwana aja."

Mphunzitsiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Botolo limenelo ndinaliona akudutsa nalo," anatero. "Linali losatsegula."